Homuweki ya mwana wa Sitandade 1 mpaka 3: nthawi yanji, ndi yani, ndipo azichita chiyani

Sukulu zikatsegulira mu Seputembala, sipapita masabata awiri kope la homuweki lisanayambe kubwera kunyumba, ndipo m'makomo ambiri muno mu Lilongwe mkangano umayambira pamenepo. Mwana wazaka 6 kapena 7 sadziwa zoti sukulu imatha kumulondola mpaka pakhomo. Amayi afika atatopa ndi mzere wa minibasi, ndiwo zili pamoto, magetsi azima, kenako mwana akukumbukira kuti amadamu anapereka ntchito. Mapeto ake ndi misozi pakope, pensulo yothyoka, ndi mchemwali wake wa Sitandade 7 akumulembera kuti anthu akagone.

Musanasankhe njira iliyonse, dziwani kaye chimene homuweki ya mwana wamng'ono imagwira. Si yokwezera malikisi. Harris Cooper wa ku Duke University ku America, atasanthula kafukufuku wambiri wa nkhaniyi mu 2006, anapeza kuti phindu la homuweki pa mayeso limaoneka bwino kwa ana akusekondale, pomwe kwa ana aang'ono akupulaimale n'lochepa kwambiri. Chimene mwana wa Sitandade 1 amapata ndi china: kuzolowera kukhala pansi nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, kutsegula yekha chikwama, kuyamba chinthu n'kuchimaliza. Kwa ife kuno pali phindu lachiwiri, ndipo mwina ndiye lalikulu. Sukulu ya pulaimale itakhala yaulere mu 1994 makalasi anadzaza, ndipo mpaka lero m'sukulu zaboma zambiri zam'tauni kalasi imodzi imafika ana 100. Mwana atha kutha sabata yathunthu asanawerenge yekha mokweza pamaso pa aphunzitsi. Kunyumba ndiye kokhako kumene munthu wamkulu angamumvetsere iye yekha.

Kutalika kwake kusakuvuteni. Muyeso umene aphunzitsi ambiri amatsata ndi mphindi 10 pa kalasi iliyonse: Sitandade 1 mphindi 10, Sitandade 2 mphindi 20, Sitandade 3 mphindi 30. Amenewo ndi malire, si chiyambi ayi. Mwana wa Sitandade 1 akafika mphindi 15 zilembo zimayamba kutsetsereka pamzere, dzanja lalema, ndipo chilichonse chomwe alembe kuchokera pamenepo akungodetsa kope.

Nthawi

Pali nthawi zinayi zomwe mabanja amayesa, ndipo iliyonse ili ndi eni ake.

Kulemba atangofika kuchokera kusukulu kumaoneka kwanzeru, poti zomwe aphunzira zikadali m'mutu. Koma mwana wafika ndi njala, wayenda padzuwa, ndipo m'mwezi wa Okutobala malata amakhala atatentha kale. Wakhala pansi m'mawa wonse akuuzidwa kuti akhale chete, ndiye mukumukhazikanso. Njira imeneyi imayenda kwa mwana mmodzimmodzi wofuna kuthana nazo msanga, bola adye kaye ndi kupumako mphindi 30 kapena ola.

Nthawi imene tikuiona yabwino koposa kwa mabanja ambiri ndi pakati pa 3:30 ndi 4:30 masana, dzuwa litapepa. Mwana wadya, wapuma, ndipo kunja kukuwala. Mu Lilongwe dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 mu Juni, ndipo mu Disembala ndi Januwale limapitirira pang'ono 6 koloko, choncho chaka chonse nthawi imeneyi simudalira ESCOM. Pakhonde, pamkeka, zatheka. Vuto lake n'lakuti ndi nthawi yomweyo imene anzake amaitanira kuseri kwa mpanda, mpira wachikulunga uli m'manja kapena phada atayamba kale. Mukamukoka pakati pa masewera, adzalemba maso ali kumsewu. Ndiye homuweki izibwera masewera asanayambe, ndipo musamuuze za koloko, poti mwana wazaka 6 sadziwa kuti 4 koloko n'chiyani. Mangirirani ku zinthu zomwe amazidziwa: ukadya upume, ukapuma homuweki, ukamaliza kasewere mpaka nthawi yosamba. Vuto lina n'lakuti makolo ogwira ntchito ku City Centre kapena ogulitsa mumsika wa ku Old Town amakhala asanafike. Za amene angakhale naye tizinena kutsogoloku.

Usiku mutadya nsima ndi nthawi imene mabanja ambiri amagweramo, osati mochita kusankha koma poti ndi pomwe bambo ndi mayi apezeka. Kukhalapo kwa kholo n'chinthu chachikulu, sitikukana. Koma mwana wakhuta nsima tulo sitichedwa, wailesi yakanema ikulankhula, ndipo magetsi atha kuzima ali pakati pa mzere. Ana azaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12. Mwana wa ku Area 25 kapena ku Area 49 amene amadzutsidwa 5:30 kuti apeze minibasi magalimoto asanathinane ayenera kukhala atagona pofika 8:30, ndipo apo ndiye mwachedwetsa. Homuweki ya 8 koloko imadya tulo, mawa lake n'kukawodzera m'kalasi. Ngati madzulo ndi nthawi yokhayo imene muli nayo, gawani ntchitoyo pawiri: zolemba azilemba masana ndi amene alipo, inu mukafika mumve akuwerenga mphindi 5 ndiwo zikupsa, musanadye. Za kuwala, nyale ya sola kapena babu lotchaja zimaposa kandulo ndi koloboyi, zomwe kuwala kwake kumaphethira komanso n'zoopsa pafupi ndi makope ndi neti. Nyaleyo izikhala kumanzere kwa mwana wolemba ndi dzanja lamanja, kumanja kwa mwana wamanzere, kuti chithunzithunzi cha dzanja chisaphimbe pomwe akulemba.

M'mamawa mutu umakhala wopepuka, ndipo kwa ana a sukulu zomwe zimasinthana makalasi, iwo n'kumalowa masana, imeneyi ndiyo nthawi yawo: cha m'ma 8 kapena 9 koloko atamwa tiyi. Kwa olowa m'mawa, ayi. Pali kusamba, madzi mwina sakutuluka, yunifomu, ndipo mu Juni ndi Julayi zala zimauma ndi chisanu. Homuweki yolembera pabondo kabaza akudikira panja imaphunzitsa mwana chinthu chimodzi chokha, chakuti ntchito imachitika mothamanga nthawi itatha.

Azikhala naye ndani

Apa ndi pomwe zambiri zimaonongekera, kuposa pa nthawi.

Kholo ndiye woyamba, ngakhale kholo lomwe silinapite patali ndi sukulu. Mayi amene sawerenga Chingerezi athabe kunena kuti “tandionetsa zomwe wakupatsa amadamu, tandiuza akufuna utani,” n'kuona ngati mizere yonse yalembedwa. Chodabwitsa n'chakuti amene amasokoneza kwambiri ndi makolo ophunzira. Kuyambira 2016, pansi pa National Reading Programme, ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zaboma amaphunzira kuwerenga kudzera m'maliwu a malembo: lembo m amalitchula “mmm”, a n'kukhala “a”, akaphatikiza “ma”. Bambo amene anakulira kuimba “ei, bii, sii” amafika n'kumuuza mwana kuti ilo ndi “emu”, linalo ndi “ei”. Mwana akayesa kuphatikiza zimatuluka “emu-ei”, ndipo mawu akuti “mano” amukanika ngakhale malembo onse anayi akuwadziwa. Pamasamu n'chimodzimodzi: njira yobwereka pochotsera imene munaphunzira inu itha kusiyana ndi ya aphunzitsi ake, mwana n'kutsala pakati. Mankhwala ake ndi kufunsa mwanayo kuti “kusukulu mumatero bwanji?” ndipo ngati sakutha kufotokoza, pitani kamodzi mukafunse aphunzitsi akuonetseni. Mphindi zisanu pakhomo la kalasi zimakwanira.

Mkulu wake, kaya achimwene kaya achemwali, amapezeka masana, salipidwa, ndipo njira zophunzitsira zatsopanozi wadutsamo posachedwa. Pa kuwerenga amathandiza kwambiri. Koma nayenso ndi mwana: akufuna akasewere, kapena ali mu Sitandade 8 mayeso a MANEB akumusowetsa mtendere. Wamng'onoyo akachedwa, wamkulu amalanda pensulo n'kulemba yekha, kapena kumupatsa khofi pamutu. Lamulo likhale limodzi, lomveka: wamkulu sagwira pensulo. Aloze ndi chala, afunse, achonge ndi maso, basi. Kuti mudziwe ngati lamuloli likutsatidwa, madzulo muuzeni wamng'onoyo awerenge zomwe zili m'kope. Ngati zilembo zili zowongoka bwinobwino koma mwini kope sakutha kuwerenga, mwadziwa kale amene walemba.

Wantchito wapakhomo, amene ana amati anti, musamusenzetse uphunzitsi pamwamba pa kuchapa ndi kuphika. Mupatseni gawo loti angalikwanitse: kuzimitsa kanema, kuyala mkeka, kuonetsetsa kuti mwana wakhala pansi mphindi zake ndipo wabweza zonse m'chikwama. Zokonza zolakwa zikudikireni inu. Agogo nawo ndi omvetsera abwino kuposa tonsefe, poti sathamangira kwina kulikonse. Mwana akawerengera agogo, iwo n'kumufunsa kuti “ndiye kenako anatani?”, ameneyo waphunzira kumvetsa nkhani, chinthu chimene makope okopera sangamupatse.

Tsopano za part-time, zomwe zafala kuyambira ku Kawale mpaka ku Area 47. Makolo ambiri amalipira poganiza kuti akatero nkhani ya homuweki yatha. Onani kaye zomwe zimachitika kumeneko. Kawirikawiri ndi ana 20 kapena 30 pakhonde la munthu, a makalasi osiyanasiyana, akukopera pabolodi kwa maola awiri. Ndi kalasi yomwe ija yam'mawa, kungoti tsopano mwana watopa. Chimene amasowa kusukulu, choti wina amumvetsere yekha, sachipezanso. Ngati wophunzitsayo ndi mphunzitsi wake wam'kalasi pamabweranso nkhawa ina, yoti ana osalipira atha kumatsalira. Kwa mwana wa Sitandade 1 amene akuyenda bwinobwino, part-time ndi ndalama yongotaya, ndi bwino mugulire nyale ya sola ndi timabuku tiwiri. Pomwe imathandiza ndi pamene mwana watsaliradi, mwachitsanzo akumaliza Sitandade 2 asakutha kuphatikiza “ka” ndi “ma”. Zikatero funani munthu wotenga ana osapitirira 5, kwa mphindi 30 mpaka 40, katatu pasabata, ndipo mugwirizane chimene mwanayo akhale akutha pakatha mwezi. Mwezi ukatha muyeseni nokha. Wophunzitsa amene ntchito yake ndi kungothandiza mwana kulemba homuweki ya tsikulo akubisa vuto, sakulichotsa.

Njira ina imene sitiigwiritsa ntchito mokwanira ndi ya ana oyandikana nyumba. M'mapuloti a ku Chinsapo, Mtandire kapena Area 36, momwe mabanja angapo amakhala bwalo limodzi, ana atatu kapena anayi a msinkhu umodzi atha kukhala pamkeka umodzi 4 koloko, makolo n'kumasinthana masiku. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ubwino wake ndi woti palibe amene akuitana mnzake kumpira, onse ali pomwepo, ndipo buku limodzi limakwanira onse. Choipa chake ndi kuonerana: wochenjera amamaliza msanga, enawo n'kukopera. Choncho gulu n'labwino pa kuwerenga mosinthana, koma pa masamu atalikirane, kapena aliyense apatsidwe manambala ake. Akapitirira anayi lasanduka bwalo la masewera.

Azichita chiyani kwenikweni

Sukulu zathu zili pawiri. Zaboma zambiri sizipereka homuweki tsiku lililonse, poti mphunzitsi mmodzi sangachonge makope 100 tsiku ndi tsiku, ndipo mabuku nthawi zina sakwanira kuti aliyense apite nalo kunyumba. Zapulaiveti zina zimapyola muyeso: masamba atatu a masamu, mawu 20 a Chingerezi oloweza, kwa mwana amene mano akutsogolo angoguluka kumene. Makolo enanso amakondwera nazo, amati sukulu yake ndi yolimbikira. Kuchuluka kwa homuweki si umboni woti mwana akuphunzira.

Kukopera ndi ntchito imene imaperekedwa kwambiri poti n'njosavuta kupereka. Kumalimbitsa dzanja ndi kuwongola zilembo, ndipo mizere iwiri kapena itatu patsiku ndi yokwanira. Kupitirira apo mwana amajambula malembo ngati zithunzi, mutu uli kwina. Azitchula mokweza chimene akulemba, apo ayi akungodzaza tsamba.

Kuwerenga mokweza ndiko kumene tingakuike patsogolo pa zonse, ndipo sikufuna buku lodula. Chichewa chili ndi mwayi woti chimalembedwa monga momwe chimatchulidwira, kotero mwana akagwira maphatikizo, wagwira kuwerenga. Tengani katoni ya sopo, muidule timakadi tokula ngati bokosi la machesi. Pa kalikonse lembani phatikizo limodzi ndi malembo ang'onoang'ono ooneka bwino: ka ke ki ko ku, ma me mi mo mu, na ne ni no nu, ta te ti to tu. Ndi timakadi 20 timeneto. Ikani tiwiri pamkeka, “mo” ndi “to”, motalikirana. Mwana atchule kalikonse, kenako muzitisendeza pafupi pang'onopang'ono iye akutchula mofulumirirapo, mpaka amve yekha kuti wanena “moto”. Nkhope yake idzakuuzani kuti wamva. Kenako “mutu”, “kama”, “meta”, “tuma”, “nena”. Akazolowera, muzimutchulira mawu iye azisaka timakadi. Pofika Sitandade 2 onjezani ovutirapo: mb, nd, ny, ts, dz, kenako nkh, mph, nth, ntch. Pamenepa ana ambiri amapunthwa pa h ndi pa kachizindikiro ka ng', choncho muziwapatsa mawu awiriawiri oti amve kusiyana: kola ndi khola, pala ndi phala, ngozi ndi ng'ombe. Aike chikhatho patsogolo pa kamwa, adzamva mpweya ukutuluka pa “kh” ndi “ph”.

Mwana akakakamira pa mawu, musathamangire kumuuza. Werengani chamumtima mpaka 5. Akalephera, bisani mbali ina ya mawuwo ndi chala, aone phatikizo loyamba lokha. Akalepheranso, muuzeni, abwereze, mupitirire. Chenjeraninso ndi kuloweza. Ana athu ali ndi makutu akuthwa, ndipo tsamba lomwe kalasi yonse yaimba kasanu amalinena lonse maso ali kudenga. Makolo n'kumasangalala kuti mwana akuwerenga. Phimbani chithunzi ndi dzanja, lozani mawu a kumapeto kwa mzere, kapena lembani mawu omwewo papepala lina. Akangoti kakasi, ndiye kuti amaimba, samawerenga, ndipo mubwerere ku timakadi tija.

Kusinthanitsa b ndi d, kapena kulemba 3 ndi 5 chotembenuza, si zachilendo mpaka zaka 7, musamukalipire. Zikapitirira mpaka Sitandade 3, kapena mukaona akuyandikitsa buku kumphuno, akutsinzinira poyang'ana patali, kapena sakumva mukamuitana chakumbuyo, kambiranani ndi aphunzitsi ndipo mukamuyezetse maso ndi makutu kuchipatala. Ana ena amene amatchedwa aulesi vuto lawo ndi loti bolodi saliona.

Zowerenga zina zili paliponse: mapaketi a shuga ndi mchere, zikwangwani za mashopu, mawu olembedwa kumbuyo kwa minibasi, buku la nyimbo lakutchalitchi. National Library Service ku City Centre ilinso ndi mabuku a ana, kwa amene angathe kupitako Loweruka kapena patchuthi.

Pa masamu, zitsekerero za mabotolo 20 m'kachitini zimaposa tsamba la masamu 30. Mwana wa Sitandade 1 aziona ndi kugwira: zitsekerero 4 uku, 3 uku, aziphatikize, awerenge, kenako alembe. Masamu asanu patsiku akwana. Akafika pa manambala opitirira 10, mangani timitengo khumikhumi ndi labala, kuti 23 akhale mitolo iwiri ndi timitengo titatu. Kubwereka kuja kumamveka mwana akamasula yekha mtolo umodzi kuti achotsepo. Wa Sitandade 3 mutumeni kuokala ndi K500 akagule chinthu cha K300, koma anene chenji asananyamuke. Nyemba ndi chimanga zimagwiranso ntchito, kungoti ngati pakhomo pali wokwawa, zimathera m'kamwa kapena m'mphuno.

Foni ndi tabuleti tisazinyoze. M'sukulu zina zaboma ana a makalasi oyambirira akuphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti, m'Chichewa, kudzera mu pulogalamu ya BEFIT. Koma kumeneko tabuleti ili ndi phunziro lokha. Foni ya amayi ili ndi WhatsApp, mauthenga akulowa, makatuni ali pafupi, bandulo ikutha. Komanso chala chotsetsereka pagalasi sichiphunzira kugwira pensulo. Foni izibwera pambuyo pa kope, osati m'malo mwake. Ntchito yake yabwino kwambiri ndi gulu la WhatsApp la makolo a kalasiyo, pomwe mungafunse ngati lero kunaperekedwa ntchito.

Masabata awiri oyamba

M'mera mpoyamba, ndipo zimene muchite masabata awiri oyamba a teremu ndi zomwe zikhazikike. Sankhani malo amodzi. Ngati pali tebulo, mapazi a mwana azifika pansi kapena pa njerwa, chifukwa miyendo ikamalendewera thupi lonse silikhazikika. Ngati palibe, mkeka ndi kathabwa kosalala koika pamiyendo zikwana. Pambali pakhale kabokosi kokhala ndi mapensulo awiri a HB, chofufutira ndi chosongolera. Zimenezi n'zapakhomo, sizipita kusukulu, chifukwa zopita kusukulu sizibwerako. Lezala ayi, ngakhale ambirife tinasongolera yomweyo. Pensulo yaitali muidule pakati: imakwana bwino m'kadzanja, ndipo ikatayika mwataya theka. Nyengo yamvula makope azilowa kaye m'jumbo asanalowe m'chikwama.

Ndondomeko yake izikhala imodzimodzi mpaka mwana aziichita ali m'tulo. Amwe madzi, apite kuchimbudzi, kuti zisakhale zothawira pakati. Atsegule yekha chikwama, akuonetseni ntchito, anene m'mawu ake zomwe akufunika kuchita. Funso loyamba muchitire limodzi. Lachiwiri achite inu mukuyang'ana. Kuyambira lachitatu sunthani pang'ono, muzisankha mpunga kapena kusadzula ndiwo chapafupi, kuti adziwe kuti mulipo koma ntchito ndi yake. Akamaliza muone, alongedze yekha chikwama, achiike pamalo pake. Sabata yoyamba mudzakhala naye mphindi zonse. Pofika sabata yachitatu muzingofunika poyamba ndi pomaliza.

Zolakwa musazifufute zonse. Kholo limafuna kope loyera, koma mphunzitsi akaona zonse zili zokhoza amaganiza kuti mwana wamva, n'kupitirira. Ikani kadontho ka pensulo pambali pa cholakwika, munene kuti “taonanso apa.” Akakonza yekha, zili bwino. Akalephera kawiri, zisiyeni momwemo aphunzitsi akazione.

Nanga akakana? Njira zitatu ndi zomwe timaziona. Mkwapulo ndi kukalipa zimagwira ntchito tsiku lomwelo, n'chifukwa chake anthu sazisiya. Koma pakapita masabata angapo mwana amaphunzira kuzemba: kope layiwalika kusukulu, tsamba lang'ambidwa, “lero sanatipatse.” Mwana wamantha amasiyanso kuyesa mawu ovuta, amangoti chete kudikira kuti mumuuze, poti kulakwa kuli ndi mtengo. Maswiti ndi ndalama nazo zimayenda poyamba, koma mtengo umakwera: lero switi imodzi, mwezi wamawa akufuna paketi ya Kamba, ndipo tsiku limene mulibe kanthu homuwekinso palibe. Njira yachitatu ndi yosaoneka bwino koma ndi imene imakhalitsa. Pachikani kalendala, ngakhale yakutchalitchi kapena yakubanki, pomwe mwana angafikire. Tsiku lililonse akamaliza azichonga yekha. Akakwanitsa masiku asanu, Loweruka asankhe kanthu kosafuna ndalama: nthano yowonjezera, kuperekeza bambo kumsika, kusankha ndiwo. Poyamikira tchulani chenicheni chimene wachita. “Lero g wako wakhala pamzere” amamuuza choti abwereze mawa, pomwe “ndiwe wanzeru” samuuza kanthu.

Tsiku limene wanena kuti sanapatsidwe ntchito, musatsutsane naye. Nenani kuti chabwino, tiye tiwerenge timakadi tathu, ndipo akhale mphindi zake zomwe zija. Akaona kuti kupatsidwa kapena kusapatsidwa nthawiyo ilipobe, bodza lija limatha lokha chifukwa silikumupindulira. Ya Lachisanu ilembedwe Lachisanu lomwelo kapena Loweruka m'mawa. Lamulungu madzulo mwana waiwala kale zomwe anaphunzira, ndipo nonse mwatopa.

Ntchito ikachuluka kupyola mphindi zake, mwana atalimbikira ndithu, lekezani pomwepo. Jambulani mzere pansi pa pomwe wafika, mulembe mawu ochepa aulemu ndi kusaina: “Aphunzitsi, wagwira ntchitoyi mphindi 20, wafika pa nambala 6. Kuchotsera kobwereka kukumuvuta, chonde muthandizeni.” Aphunzitsi ambiri amalandira bwino kakalata kotere, poti kakuwauza zomwe sakanaziona m'kalasi yodzaza. Zikachitika katatu kapena kanayi pa masabata awiri, pitani mukaonane nawo ana ataweruka, osati m'mawa akulowa m'kalasi, ndipo mutenge kopelo. Ngati makolo ena a kalasiyo akudandaula zomwezo, nkhaniyo ipite ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi (PTA), chifukwa pamenepo vuto si la mwana wanu yekha koma ndi muyeso wa ntchito imene ikuperekedwa.